Fodya, nsomba ndi Baibulo: mmene midzi yoyamba ya Angerezi ku America inakhazikikira

Nkhani imene imafala yokhudza midzi yoyamba imene Angerezi anamanga ku gombe la kum'mawa kwa North America m'zaka za m'ma 1600 ndi ya anthu opemphera amene anathawa chizunzo kwawo, nawoloka nyanja ya Atlantic kukafuna malo opembedzerako Mulungu mwaufulu. Nkhaniyo ndi yoona ndithu, kungoti imadumpha funso limene aliyense wodziwa geni angafunse msanga: chombocho analipira ndani, nanga ankati abweza ndi chiyani?

Kuwolotsa anthu 100 pamodzi ndi chakudya cha chaka chonse, mfuti, nkhwangwa ndi mbewu kunkalira ndalama zimene mpingo wa anthu wamba sukanatha kusonkha. Mfumu ya England siinkatulutsa ndalama. Iyo inkangopereka chikalata chololeza gulu kapena munthu kukatenga dera lakutilakuti, ngakhale kuti deralo linali ndi eni ake kale. Ndalama zinkachokera kwa amalonda a ku London amene ankagula masheya, kapena m'thumba la munthu mmodzi wolemera. Motero mudzi uliwonse, kaya wa opemphera kaya wa ofuna chuma, unkabadwa uli ndi ngongole, ndipo unkayenera kupeza msanga chinthu choti ugulitse ku Ulaya.

Mudzi woyamba kukhalitsa unali Jamestown, ku Virginia, umene unayamba mu Meyi 1607 ndi amuna komanso anyamata 104. Mwini wake anali kampani, Virginia Company ya ku London, ndipo chimene eni masheya ankalota chinali golide. Golide sanapezeke. Malowo anali achithaphwi, madzi ake amchere, ndipo ambiri mwa obwerawo anali anthu osadziwa khasu. John Smith, amene anatsogolera mudziwo mu 1608, anachita kubwereka mawu a mtumwi Paulo akuti wosagwira ntchito asadye. Iye atabwerera ku England, m'nyengo yozizira ya 1609 mpaka 1610 njala inavuta kwambiri moti mu linga la Jamestown munatsala anthu pafupifupi 60 okha. Eni nthaka a mtundu wa Powhatan, amene poyamba ankawagulitsa chimanga, anali atatopa nako kulandidwa chakudya.

Chimene chinapulumutsa Virginia ndi fodya. Mu 1612 John Rolfe, yemwe pambuyo pake anakwatira Pocahontas, mwana wamkazi wa mfumu ya a Powhatan, anayesa kudzala mbewu ya fodya yochokera kumadera otentha a kum'mwera, amene anali wosawawa kukhosi poyerekeza ndi fodya wa eni nthaka. Ku London anamukonda. Mfumu James I inkadana ndi fodya mpaka inalemba zomunyoza, koma msonkho wake sinaukane. Posakhalitsa fodya anasanduka ndalama: msonkho, chindapusa, ngakhale malipiro a abusa a mpingo wa Angilikani, womwe unali mpingo wa boma ku Virginia, zonse zinkawerengedwa ndi fodya. Kampani itatumiza atsikana cha m'ma 1620 kuti akakwatiwe kumeneko, mwamuna wofuna mkazi ankabweza mtengo wa ulendo wake ndi fodya wolemera mapaundi 120.

Amene analimapo fodya akudziwa kuti mbewu imeneyi imadya zinthu ziwiri, nthaka ndi anthu. Popanda feteleza munda unkaguga patangopita zaka zochepa, ndiye alimi ankasunthira kutsogolo, kulowerera m'minda ya eni nthaka. N'chifukwa chake mu 1622 mtsogoleri wa a Powhatan, Opechancanough, anaukira midzi ya atsamundawo n'kupha anthu 347 tsiku limodzi, ndipo patapita zaka ziwiri mfumu inalanda deralo m'manja mwa kampani. Kumbali ya antchito, kampani inakhazikitsa lamulo lakuti aliyense wolipirira munthu ulendo wochoka ku England azilandira maekala 50. Osauka a ku England ankasaina kugwira ntchito zaka zinayi kufikira zisanu ndi ziwiri popanda malipiro kuti abweze mtengo wa ulendo, ndipo maekala aja ankapita kwa bwana. Zimafananako ndi za matenanti a m'maesiteti a fodya kuno kwathu, amene amayamba ntchito ali kale m'ngongole ya chakudya ndi ya thiransipoti, kungoti a ku Virginia bwana ankatha kugulitsa zaka zawo zotsala kwa bwana wina.

Mu Ogasiti 1619 chombo china chinafika ndi anthu a ku Africa opitirira pang'ono 20, ogwidwa ku Angola, amene anachita kulandidwa panyanja m'chombo cha Apwitikizi. Kwa zaka zambiri chiwerengero chawo chinali chochepa, koma malamulo anayamba kuwamanga pang'onopang'ono. La 1662 linati mwana azitsata mayi ake: ngati mayi ndi kapolo, mwananso ndi kapolo. La 1667 linati ubatizo sumasula kapolo. Lamulo lachiwirili likusonyeza bwino amene ankamvera mnzake pakati pa tchalitchi ndi munda ku Virginia.

Kumpoto nkhani inayamba mosiyana. Anthu amene anafika ku Plymouth mu Disembala 1620 pa chombo cha Mayflower anali ndi mtima wa mpingo. Phata lawo linali kagulu kochokera kumudzi wa Scrooby, kamene kanaona kuti mpingo wa England sungakonzekenso ndipo kanadzipatula, zomwe pa nthawiyo zinali mlandu. Anathawira ku Holland, nakhala mumzinda wa Leiden zaka zoposa khumi pansi pa mbusa wawo John Robinson. Ku Leiden palibe ankawaletsa kupemphera, ndipo mfundo imeneyi anthu amaiiwala. Zimene zinawachotsako zinali umphawi, ntchito yakalavulagaga yowomba nsalu, ndi mantha oona ana awo akusanduka Adatchi. Robinson mwiniwake sanawoloke nyanja, anamwalirira ku Leiden mu 1625. Amene anatsogolera gululo anali mkulu wa mpingo William Brewster ndi William Bradford, yemwe anakhala bwanamkubwa kwa zaka pafupifupi 30.

Ndalama za ulendo anabwereka kwa amalonda a ku London otsogozedwa ndi Thomas Weston, pa mgwirizano wowawa: kwa zaka zisanu ndi ziwiri chilichonse cholimidwa kapena chopezedwa chikhale cha gulu, kenako agawane ndi amalondawo. Mwa anthu 102 amene anakwera chombocho, ambiri sanali a mpingo uja n'komwe, ndipo pafupifupi theka anafa m'miyezi yoyamba yozizira. Otsalawo anapulumuka chifukwa anapeza minda yolimidwa kale ya mudzi wa Patuxet, umene anthu ake anatha ndi mliri zaka zochepa m'mbuyomo, komanso chifukwa Tisquantum, mbadwa ya mudziwo, anawaphunzitsa kudzala chimanga pokwirira nsomba m'phando ngati manyowa. Katundu woyamba amene anatumiza ku London mu 1621 analandidwa panyanja ndi Afalansa. Kulima pagulu kunabweretsa kung'ung'udza, ndiye mu 1623 Bradford anagawira banja lililonse munda wakewake ndipo chimanga chinachuluka. Patapita zaka zingapo atsogoleri a mudziwo anagwirizana zogula masheya a amalonda aja pa ndalama zokwana mapaundi 1,800, kulipira 200 pachaka. Chobwezera chinali zikopa za kanyama ka m'madzi kotchedwa beaver, zimene ku Ulaya ankapangira zipewa. Ankazigula kwa eni nthaka posinthanitsa ndi chimanga, mpaka anakatsegula malo amalonda kumtsinje wa Kennebec. Ngongoleyo inawatsata mpaka m'zaka za m'ma 1640.

Plymouth sinakule kwenikweni. Chimphona cha kumpoto chinali Massachusetts Bay, ya a Puritan, anthu amene ankafuna kuyeretsa mpingo wa England osatulukamo. Awa sanali amphawi. Munali eni minda, amalonda, maloya ndi abusa ophunzira ku Cambridge, ndipo anachita chinthu chochenjera: iwo eni anali eni masheya a kampani yawo, ndiye ponyamuka mu 1630 anatenga chikalata cha mfumu n'kupita nacho ku America. Msonkhano wa kampani unasanduka boma, ndipo ku London kunalibe bwana wowalamula. John Winthrop, loya, anatsogolera zombo 11 ndi anthu pafupifupi 700, ndipo ulaliki wake wotchuka unatenga fanizo la pa Mateyu 5:14 la mudzi womangidwa pamwamba pa phiri. Pofika 1640 anthu pafupifupi 20,000 anali atawolokera ku New England, dzina la chigawo chonse cha kumpotochi, ambiri ali mabanja athunthu.

Kuno chipembedzo chinaumbadi moyo wa tsiku ndi tsiku. Kuyambira 1631 ovota anali amuna okhawo amene analandiridwa kukhala ziwalo za mpingo. Malo ankaperekedwa kwa gulu loti likamange tauni yokhala ndi nyumba yopemphereramo pakati. Poti aliyense ankayenera kudziwerengera Baibulo, anatsegula koleji ya Harvard mu 1636, ndipo lamulo la 1647 linati tauni ya mabanja 50 ilembe mphunzitsi. Ngakhale mitengo ya katundu inali nkhani ya mpingo. Mu 1639 wamalonda wina wa ku Boston, likulu la Massachusetts, Robert Keayne, anazengedwa mlandu wokweza mitengo ya zinthu monga misomali ndi mabatani. Khoti linamulipiritsa chindapusa, mpingo unamudzudzula poyera, ndipo mbusa John Cotton analalikira kuti kugula motchipa kwambiri n'cholinga chogulitsa modula kwambiri ndi chiphunzitso chonyenga.

Chiphunzitso cha Cotton chimenecho sichinakhalitse, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. M'zaka khumi zoyamba chuma cha Massachusetts chinkadalira obwera kumene: ankafika ndi ndalama nagula ng'ombe, chimanga ndi matabwa kwa amene anafika kale. Ku England zinthu zitasokonekera mpaka nkhondo yapachiweniweni kuyamba mu 1642, a Puritan anasiya kusamuka, mitengo ya ng'ombe inagwa, ndipo anthu analephera kubweza ngongole. Nthaka ya New England ndi yamiyala, nyengo yolima ndi yaifupi, mbewu yodula ngati fodya sikanawalemeretsa. Anatembenukira kunyanja. Anayamba kupha nsomba za cod n'kuziumika ndi mchere, kucheka matabwa ndi kukhoma zombo. Nsomba zabwino ankagulitsa ku Spain ndi ku Portugal, kwa Akatolika omwe ankawanyoza pa guwa Lamulungu lililonse, amene masiku osala nyama ankawakakamiza kudya nsomba. Zotsalira zosweka ndi zowonongeka zinkapita ku Barbados ndi zilumba zina za Caribbean, kumene eni minda anadzala nzimbe paliponse osasiya malo a chakudya, kukadyetsa akapolo. Pobwerera zombo zinkanyamula shuga ndi manyuchi a nzimbe, amene pambuyo pake anadzakhala ophikira mowa wa ramu.

Choncho mudzi wa paphiri uja unkadya nawo za ukapolo ngakhale unalibe minda ikuluikulu. Ndipo unalowamo msanga: itatha nkhondo yolimbana ndi eni nthaka a mtundu wa Pequot, imene mu 1637 atsamunda anatentha mudzi wawo wa Mystic ndi anthu mazanamazana ali momwemo, ena mwa ogwidwa anatumizidwa ku Caribbean, ndipo mu 1638 chombo cha Desire chinabwerako ndi anthu a ku Africa. Malamulo a Massachusetts a 1641 anavomereza ukapolo wa ogwidwa pankhondo ndi wa alendo ogulidwa. Mwana wa Winthrop weniweni, Samuel, anakakhala mlimi wa nzimbe ku Antigua.

Pali mudzi wina woiwalika umene kwa ine ndi umboni wamphamvu pa nkhani yonseyi. Cha mu 1630 momwemo, akuluakulu ena a chi Puritan ku England, monga John Pym ndi Earl wa Warwick, anakhazikitsa mudzi pa chilumba cha Providence, kufupi ndi gombe la Nicaragua. Chikhulupiriro chinali chomwecho, abusa anatumizidwa, malamulo oletsa njuga ndi kutukwana analembedwa. Ambiri ankayesa kuti kumeneko ndiye kudzapambana, poti kunali kofunda ndi kwachonde. Koma eni masheya anatsala ku London, sanalole alimi kukhala eni minda, ndipo ankafuna gawo lalikulu la zokolola. Mabanja sanakopeke. Pasanathe zaka khumi chilumbacho chinadzaza ndi akapolo ndiponso zombo zolanda katundu wa Spain, ndipo mu 1641 asilikali a Spain anachilanda. Anthu a pemphero limodzi, atapatsidwa nthaka yosiyana ndi umwini wosiyana, anamanga midzi yosafanana m'pang'ono pomwe.

Ufulu wopembedza umene a Puritan ankafuna unali wawo okha. Mbusa Roger Williams anaphunzitsa kuti boma lilibe mphamvu pa chikumbumtima cha munthu, komanso kuti chikalata cha mfumu sichingapereke nthaka ya eni ake popanda kuigula. Mfundo yachiwiriyi inkagwedeza umwini wa munda uliwonse mu Massachusetts. Anamuweruza kuti achoke mu 1635, ndipo chaka chotsatira anayambitsa tauni ya Providence, ina yosiyana ndi chilumba chija, pamalo amene anapatsidwa ndi mafumu a eni nthaka a mtundu wa Narragansett, Canonicus ndi Miantonomi. Anne Hutchinson, amene ankachititsa misonkhano ya Baibulo m'nyumba mwake n'kumatsutsa abusa, anathamangitsidwanso nalowera komweko. Dera limeneli, Rhode Island, linalandira a Baptist, a Quaker ndi Ayuda pa nthawi imene Boston inkapachika a Quaker. Anayi ananyongedwa pakati pa 1659 ndi 1661, mmodzi mwa iwo mayi Mary Dyer. Koma kulolerana pa chipembedzo sikunafike pa doko. M'zaka za m'ma 1700 zombo za ku Newport ndi ku Bristol, madoko a ku Rhode Island, zinkanyamula ramu kupita ku West Africa kukagula anthu, ndipo kadera kakang'onoka kanatumiza maulendo a malonda a akapolo ochuluka kuposa dera lina lililonse la Angerezi ku North America.

Maryland inali maloto a banja limodzi la Chikatolika. George Calvert, Lord Baltimore, anayesa kaye ku Newfoundland koma chisanu chinamugonjetsa. Anamwalira mu 1632 chikalata chatsopano chisanasainidwe, ndipo chinapita kwa mwana wake Cecil. Zombo ziwiri, Ark ndi Dove, zinafika mu 1634 zili ndi ansembe a chipani cha Jesuit, koma antchito ambiri anali Apulotesitanti, chifukwa Akatolika ofuna kusamuka anali ochepa. Mwini dera wofuna lendi sakanasankha alimi potengera mpingo. Lamulo la 1649 loteteza Akhristu onse linabadwa chotero, ngakhale kuti lomwelo linkati wokana Utatu Woyera aphedwe. Apulotesitanti atachuluka analanda boma mu 1689, ndipo pofika 1718 Akatolika analandidwa voti m'dera limene iwo anayambitsa. Pa zachuma Maryland inangokhala Virginia wachiwiri: fodya, antchito angongole, kenako akapolo. Ansembe a Jesuit nawo anali ndi minda ndi akapolo, ndipo mu 1838 anagulitsa anthu 272, gawo la ndalamazo n'kubwezera ngongole za koleji ya Georgetown.

Kwa William Penn chikhulupiriro ndi malonda a malo zinalukana kwambiri moti n'kovuta kuzilekanitsa. Anali mwana wa mkulu wa asilikali apamadzi, koma analowa gulu la a Quaker, anthu okana kulumbira, kunyamula zida, kupereka chakhumi ku mpingo wa boma ndi kuvulira chipewa akuluakulu. Anamangidwapo kangapo chifukwa cha zimenezi. Mfumu Charles II inali ndi ngongole ya mapaundi pafupifupi 16,000 kwa malemu bambo ake, ndipo mu 1681 inabweza ndi nthaka, imene inatchedwa Pennsylvania. Penn analonjeza ufulu wopembedza kwa aliyense wokhulupirira Mulungu mmodzi, analemba mizere ya misewu ya Philadelphia, ndipo anaumirira kugula malo kwa eni nthaka a mtundu wa Lenape m'malo mowalanda. Nthawi yomweyo ankagulitsa maekala 5,000 pa mapaundi 100, nasindikiza timabuku totsatsa dera lakelo m'Chingerezi, Chidatchi ndi Chijeremani. Kwa a Mennonite ndi magulu ena ozunzidwa ku Germany, ufulu wopembedza ndiwo unali msatsi wamphamvu kuposa onse. Anabwera alimi odziwa ntchito, anapeza nthaka yachonde, analima tirigu, ndipo ufa wa ku Pennsylvania unayamba kupita ku Caribbean komwe kuja kunkapita nsomba za ku Boston. Philadelphia inakula mpaka kuposa Boston.

Penn mwiniyo sanapindule. Ku Pennsylvania anakhalako kawiri kokha, zaka ziwiriziwiri. Alimi ankazemba lendi, womusungira chuma Philip Ford anamubera, ndipo mu 1708 anali m'ndende ya angongole ku London. Analinso ndi akapolo kunyumba yake ya Pennsbury, ngakhale kuti m'dera lakelo, ku Germantown, ndi mmene munalembedwa mu 1688 chikalata choyamba cha atsamunda chotsutsa ukapolo, chomwe misonkhano ya a Quaker inangochikankhira m'tsogolo. Penn atamwalira mu 1718, ana ake anaona deralo ngati chuma cha banja basi. Mu 1737 anatulutsa pepala lokayikitsa lonena kuti a Lenape anagulitsa kalekale malo amene munthu angayende tsiku limodzi ndi theka. Analambula njira, nalemba ganyu anthu atatu aliwiro, ndipo analanda maekala oposa miliyoni imodzi.

Dera lomaliza, Georgia, linayamba mu 1733 motsogozedwa ndi James Oglethorpe, msilikali komanso phungu wa nyumba ya malamulo amene anakhudzidwa ndi mavuto a osauka ndi a m'ndende za angongole. Oyang'anira deralo analetsa ramu, analetsa ukapolo mu 1735, anachepetsa kukula kwa minda, ndipo ankayembekezera kuti anthu aziweta mbozi zopanga ulusi wa silika. John Wesley anakatumikirako monga mbusa wa Angilikani kuyambira 1736 koma anachoka chaka chotsatira atakangana ndi akhristu ake. Silika sanaphule kanthu, pamene tsidya lina la mtsinje wa Savannah eni minda a ku South Carolina ankalemera ndi mpunga wolimidwa ndi akapolo. Atsamunda a ku Georgia anayamba kulemba madandaulo ku London. Mmodzi mwa amene anawathandiza anali mlaliki wotchuka George Whitefield, yemwe ankati nyumba yake ya ana amasiye ya Bethesda singadziimire payokha popanda akapolo olima munda wake. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1751, ndipo pofika 1775 akapolo anali atayandikira theka la anthu onse a m'deralo.